Ndithandizeni nzeru: asilikali anga akusala mnzawo wamkazi komanso mnzawo wokondana ndi mwamuna mnzake

Kopolo Wakutali:

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pagulu pano, ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi yaitali osalembapo kanthu, koma lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndikupempha kuti mundiyankhe mofatsa, chifukwa ndikudziwa kuti nkhani yotereyi sichedwa kuutsa mkwiyo. Sinditchula dziko limene ndikugwirako ntchito kapena dzina la munthu aliyense, poti anthu amene ndikuwanenawa ndimagona nawo hema mmodzi.

Ndine msilikali wa gulu loyenda pansi, ndipo malamulo a kuno amalola akazi kumenya nawo nkhondo kutsogolo kwenikweni, komanso saloleza kuchotsa munthu pa usilikali chifukwa chakuti amakondana ndi mwamuna mnzake kapena mkazi mnzake. Miyezi inayi yapitayo anandikweza kukhala kopolo n'kundipatsa kagulu ka asilikali 8. Mwa anthu amenewa muli mtsikana mmodzi, amene anakhoza mayeso onse a mphamvu mofanana ndi anyamata, ndipo mulinso mnyamata mmodzi amene aliyense akudziwa kuti ali pa ubwenzi ndi mwamuna mnzake. Iye salengeza za moyo wake, koma akafunsidwa sakananso.

Mlungu wathawu tinali kutchire pa maphunziro. Tsiku lachiwiri tinayenda mtunda wautali titasenza katundu, ndipo mwachizolowezi mfuti ya chiwaya timalandizana, aliyense ndi nthawi yake. Itafika nthawi ya mtsikanayu, iye anatambasula manja kuti ailandire, koma mnyamata wina anaitenga m'manja mwa mnzake n'kunena mokweza kuti sakufuna kuti tonse tichedwe. Mtsikanayo sanayankhe. Anangomanga lamba wa chikwama chake mwamphamvu n'kupitiriza kuyenda, ndipo mpaka madzulo sanalankhule ndi munthu. Ine ndinaona zonsezi, koma ndinakhala chete poganiza kuti mwina mnyamatayo amangofuna kuthandiza.

Usiku womwewo ndinaona chinanso. Titayala zogonera, anyamata onse anathithikana mbali imodzi, ndipo pafupi ndi mnyamata wokondana ndi mwamuna mnzake uja panatsala malo oti n'kugonapo anthu awiri. Nditawerenga ndandanda ya olondera usiku, amene ndinamuika kuti alondere naye limodzi anabwera kwa ine mwakachetechete kudzapempha kuti ndimusinthe. Ndinamusintha. Ndiyeneranso kuvomereza kuti tsiku lina mmodzi wa iwo ananena nthabwala yonyoza anthu otere, ineyo n'kuseka nawo, mwiniwake ali chapafupi akupukuta mfuti yake.

Sindikubisirani, ine ndinakula ndikuphunzitsidwa kuti nkhondo ndi ya amuna ndiponso kuti mwamuna kukondana ndi mwamuna mnzake n'kulakwa, ndipo maganizo amenewo sanachoke mumtima mwanga tsiku limene ndinavala yunifolomu. Komabe anthu awiriwa ali m'manja mwanga, ndipo tsiku lina ndikhoza kuwatsogolera kumalo kumene zipolopolo zikuuluka. Kodi mantha a anyamatawa, akuti mkazi afooketsa gulu ndipo mnzawoyu asokoneza umodzi wathu, ali ndi maziko? Nanga ine monga kopolo ndichite chiyani, popeza nanenso mtima wanga sunakhazikike?

Sajeni Wopuma:

A Kopolo, mwachita bwino kufunsa, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinagwira ntchito ya usilikali zaka zoposa 20, ndipo pamene akazi oyamba ankabwera m'gulu lathu ndinali mmodzi mwa ong'ung'udza kwambiri. Choncho sindikulankhula ngati munthu amene anabadwa akumvetsa zinthuzi.

Cholakwika chanu chachikulu si kuseka kuja ayi, ngakhale kuti nakonso kunali kulakwa. Cholakwika chachikulu ndi kusintha ndandanda ya olondera. Usiku umene uja munaphunzitsa asilikali anu onse kuti munthu akhoza kusankha amene akufuna kugwira naye ntchito, ndipo kopolo avomera. Lero akukana kulondera ndi uyu, mawa adzakana kunyamula machira a uyo, ndipo tsiku limene mudzalamule kuti wina athamange kukakoka mnzake wovulala, adzayamba waganiza kaye kuti wovulalayo ndi ndani. Msilikali sasankha mnzake wa m'dzenje. Ndandanda ikalembedwa yalembedwa, ndipo wofuna kusintha abwere ndi chifukwa chimene angathe kuchinena pamaso pa gulu lonse.

Za chiwaya chija, lamulo n'lomwelo. Ikafika nthawi ya munthu, anyamule. Akalephera, mulembe kuti walephera monga mmene mungalembere za mnyamata aliyense, ndipo mumuonjezere maphunziro. Akakwanitsa, pakamwa pa onse patsekeka popanda inu kukalipa. Mwa kukhala chete munamulanda mtsikanayo mpata wokhawo umene anali nawo woonetsa kuti akhoza.

Wosabisa Mawu:

Ndikulemekeza zimene a Sajeni anena, koma tisanamizane ngati kuti anyamatawo akungolota. Mu 2015 gulu lankhondo la Marine Corps la ku America linachita kafukufuku wamkulu, kuyerekeza magulu a amuna okhaokha ndi magulu osakaniza amuna ndi akazi pa ntchito za asilikali oyenda pansi. Magulu a amuna okhaokha anachita bwino kuposa osakanizawo pa ntchito 69 mwa ntchito 100 zilizonse zimene anayesedwa, monga kuyenda ndi katundu wolemera komanso kunyamula wovulala, ndipo akazi ankavulala kawirikawiri kuposa amuna. Madokotala a asilikali amadziwanso kuti akazi ambiri amachita ming'alu m'mafupa a miyendo ndi a m'chiuno akamayenda maulendo ataliatali atasenza katundu. Thupi la munthu silimva lamulo la boma. Mnyamata amene akuopa kuti akadzavulala sadzapeza womukoka ali ndi funso loyenera kuyankhidwa, ndipo kungomutcha wosankhana sikuyankha funsolo. Pa nkhani ya mnyamata winayo ndilibe chonena chotsutsa, chifukwa sindinaonepo umboni wakuti amene munthu amamukonda amachepetsa mphamvu za mapewa ake.

Mayi wa Yunifolomu:

Achimwene a Wosabisa Mawu, zimene mwanena za kafukufuku ameneyo n'zoona, ndipo ine monga mkazi amene ndinagwirapo ntchito ya usilikali sindikana kuti mukatenga amuna ambiri ndi akazi ambiri n'kuwayerekeza, amuna amaposa pa mphamvu za manja ndi mapewa. Koma a Kopolo sanapatsidwe akazi ambiri. Apatsidwa mtsikana mmodzi, amene iwo eni akuti anakhoza mayeso onse mofanana ndi anyamata. Kafukufuku amanena za gulu la anthu, pomwe mayeso amanena za munthu mmodzi amene waima patsogolo panu. Ndi chifukwa chake ngakhale kafukufukuyo anatuluka, nduna ya zachitetezo ya ku America pa nthawiyo, a Ash Carter, analengezabe mu December 2015 kuti ntchito zonse za usilikali zitsegukire akazi amene angakwanitse muyeso wake. M'chaka chomwecho, mwezi wa August, Kristen Griest ndi Shaye Haver anamaliza maphunziro ovuta kwambiri a asilikali a ku America otchedwa Ranger School, amene amuna ambiri amphamvu amawalephera. Akazi amene anayamba nawo anali 19, ndipo ambiri sanafike kumapeto. Kwa ine zimenezi zikuonetsa kuti muyeso ukakhala umodzi, amene adutsa amakhala atadutsadi, ndipo sayenera kumayesedwanso tsiku lililonse ndi mnzake wa udindo wofanana naye.

Palinso china chimene anthu amaiwala akamatsutsana za akazi ndi nkhondo. Nkhondo za masiku ano zilibe mzere woonekera bwino woti apa ndi kutsogolo, apa ndi kumbuyo. Mu March 2005 ku Iraq, Sajeni Leigh Ann Hester wa ku America anali wapolisi wa asilikali woperekeza galimoto zonyamula katundu, ntchito imene pa pepala sinali yomenya nkhondo. Adani atawabisalira panjira, iye analowa nawo m'ngalande mmene adaniwo anali n'kumenyana nawo, ndipo anapatsidwa mendulo ya Silver Star, yoperekedwa kwa olimba mtima pa nkhondo, kukhala mkazi woyamba kuilandira chithere nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Apa n'kuti lamulo la dziko lake likuletsabe akazi kulowa m'magulu omenya nkhondo pansi, ndipo linachotsedwa mu 2013. Ku Canada anatsegula ntchitozi kale mu 1989, ndipo Kaputeni Nichola Goddard, mkazi wa m'dzikolo, anafera kunkhondo ku Afghanistan mu 2006. Tikabwerera m'mbuyo, akazi pafupifupi 800,000 anatumikira m'gulu lankhondo la Soviet Union pa nkhondo yachiwiri ija, ena akuyendetsa ndege zoponya mabomba usiku, ndipo ku Eritrea akazi anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a omenyera ufulu. Akazi akhala akufa ndi mfuti m'manja kalekale, malamulo ndi amene ankachedwa kuvomereza.

A Kopolo, ndikuuzeni mmene mtsikanayo anamvera, chifukwa zinandichitikirapo. Munthu akakulanda katundu pamaso pa anzako ponena kuti akukuthandiza, umasowa pogwira. Ukakana, akuti ndiwe wamwano. Ukavomera, mawa akuti tinamunyamulira. N'chifukwa chake anangokhala chete. Mumuitane pambali, osati pamaso pa gulu, ndipo mumuuze mosapita m'mbali kuti munaona zimene zinachitika, kuti munalakwa posalankhula, ndiponso kuti sizidzachitikanso. Kenako mumufunse ngati chikwama chake ndi chovala choteteza ku zipolopolo zikumukwana bwino. Zida zambiri zinasokedwa poyeza thupi la mwamuna, ndipo chikwama chimene sichikhala bwino m'chiuno chimavulaza munthu amene akanatha kuyenda bwinobwino. Ming'alu ina ya m'mafupa imene achimwene atchula imapewedwa ndi nsapato zoyenera, chakudya chokwanira ndi kuonjezera katundu pang'onopang'ono pa maphunziro. Mumufunsenso ngati pali wina amene amamuvutitsa ndi mawu kapena manja, chifukwa mkazi amene ali yekha pakati pa amuna sayamba yekha kunena zimenezo kwa mtsogoleri amene sanamuonetsepo kuti ali kumbali ya chilungamo.

Mphunzitsi wa Mbiri:

Popeza za akazi zayankhidwa mokwanira, ine ndikhudzeko za mnyamata winayo. Mantha akuti munthu wotere asokoneza umodzi wa gulu si atsopano, ndipo mayiko angapo anawayesa kale n'kuona zotsatira zake. Dziko la Netherlands linachotsa chiletso choti anthu otere asakhale asilikali mu 1974, Canada ndi Australia mu 1992, Israel mu 1993. Ku Britain chiletso chinatha mu January 2000, khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu litagamula mu 1999 kuti kufufuza ndi kuchotsa ntchito asilikali chifukwa cha moyo wawo wamseri kunali kuphwanya ufulu wawo. Anthu ambiri ankalosera kuti asilikali atula pansi ntchito mwaunyinji, koma zimenezo sizinachitike, ndipo mu 2023 nduna yaikulu Rishi Sunak anapepesa m'nyumba ya malamulo kwa onse amene anachotsedwa pa nthawi ya chiletsocho.

Ku America anayesa njira yapakati. Mu 1993, pa ulamuliro wa Bill Clinton, anakhazikitsa lamulo lodziwika kuti "Don't Ask, Don't Tell", lotanthauza kuti akuluakulu asafunse ndipo msilikali asanene. Munthu ankaloledwa kutumikira pokhapokha ngati akubisa. Asilikali oposa 13,000 anachotsedwa ntchito pansi pa lamulo limeneli, ena mwa iwo omasulira Chiarabu pa nthawi imene dzikolo linkawafuna kwambiri. Mu 2010 mkulu wa asilikali onse, Admiral Mike Mullen, anauza aphungu kuti chimene chinkamuvutitsa mumtima n'chakuti lamuloli linkakakamiza anyamata ndi atsikana kunama za mmene alili kuti aloledwe kuteteza anzawo. Chaka chomwecho unduna wa zachitetezo unafunsa asilikali ambirimbiri maganizo awo, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 alionse anati kuchotsa lamuloli kudzabweretsa zabwino, zosakanikira kapena sikudzasintha kanthu. Otsutsa ambiri anali m'magulu omenya nkhondo pansi ngati lanulo, a Kopolo, choncho zimene mukuonazo si zachilendo. Koma mfundo imene ndimaikumbukira kwambiri ndi iyi: mwa asilikali amene anati anagwirapo kale ntchito ndi munthu amene ankamuganizira kuti ndi wotere, 92 mwa 100 alionse anati kagwiridwe ka ntchito m'gulu lawo sikanali koipa. Mantha anali aakulu mwa amene ankangoganizira, ndipo anali ochepa mwa amene anakhalapo naye munthuyo. Lamulolo linatha mu September 2011, Pulezidenti Barack Obama atasainira kulichotsa chakumapeto kwa 2010.

Ofufuza a bungwe la RAND, amene boma la America linawapatsa ntchito younika nkhaniyi mu 1993, anasiyanitsa umodzi wa mitundu iwiri. Pali umodzi wa anthu okondana ndi kucheza limodzi, ndipo pali umodzi wa anthu amene atsimikiza mtima kugwira ntchito imodzi n'kumadalirana pa ntchitoyo. Umene umathandiza gulu kuchita bwino ndi wachiwiriwu. Tisaiwalenso kuti pamene Pulezidenti wa America Harry Truman ankalamula mu 1948 kuti asilikali akuda ndi azungu asamasiyanitsidwe, otsutsa ankanena mawu omwewa, akuti azungu sangagone hema mmodzi ndi munthu wakuda ndipo umodzi usokonekera. Ife amene khungu lathu ndi lakuda tiyenera kumva kuwawa tikamva mawu amenewa akunenedwa kwa wina.

Mkulu wa Mpingo:

Mwana wanga Kopolo, ine ndikuyankha mbali ya chikumbumtima, chifukwa ndaona kuti ndi pamene pakukupwetekani. Mpingo umene ndimatumikira suvomereza ukwati wa amuna okhaokha, ndipo sindibwera pano kudzanena kuti ndasintha chiphunzitso. Koma palibe amene wakupemphani kuti mudalitse ubwenzi wa mnyamatayo. Chimene mwapatsidwa ndi moyo wake kuti muusamale monga mmene mukusamalira miyoyo ya ena 7 aja. Pakati pa anyamata anuwo mwina pali woledzera, wina wosakhulupirika kwa mkazi wake, wina wosapemphera n'komwe, koma simunasinthepo ndandanda chifukwa cha iwo. Mukasala uyu yekha, ndiye kuti si chikhulupiriro chimene chikukutsogolerani, koma kuopa kusekedwa ndi anzanu. Mtsogoleri amene amayeza anthu ake ndi miyeso iwiri adzayankha mlandu umenewo, ndipo ine sindikudziwa chiphunzitso chilichonse chimene chimalola kuseka munthu amene wakhala phee akupukuta mfuti yoti adzakutetezereni nayo.

Wosabisa Mawu:

Mayi wa Yunifolomu, ndamva ndipo ndikuvomereza kusiyana kwa gulu ndi munthu mmodzi. Changa ndi chimodzi chokha: muyeso usatsitsidwe pofuna kuti chiwerengero cha akazi chioneke chokwera. Tsiku limene anyamata adzaone kuti wina wadutsa ndi katundu wopepukirapo, mtsikana wa a Kopoloyu, amene anadutsa mwachilungamo, ndi amene adzavutike ndi kukayikiridwa.

Mlongo Wanu pa Malamulo:

Ndingoonjezerapo chenjezo limodzi, a Kopolo. Mukafuna kukonza zinthu, musaimike gulu n'kuyamba kulankhula za moyo wamseri wa mnyamatayo, ngakhale mukumuikira kumbuyo. Nkhaniyo ndi yake, ndipo ndi iye yekha amene angasankhe woti amuuze. Kumbukiraninso kuti m'mayiko oposa 60 kugonana kwa amuna okhaokha ndi mlandu, ndipo m'mayiko ena chilango chake ndi imfa. Gulu lanu likadzatumizidwa kudziko lotero, kapena kukagwira ntchito limodzi ndi asilikali ochokera kumeneko, nthabwala imene lero ikuoneka yaing'ono ikhoza kuika moyo wake pachiswe. Lankhulani za khalidwe limene simulilola m'kagulu kanu popanda kutchula munthu, ndipo muwerenge malamulo a gulu lanu okhudza kuzunzana, chifukwa m'magulu ankhondo ambiri mtsogoleri amene waona n'kukhala chete amakhalanso ndi mlandu.

Kopolo Wakutali:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga yankho lililonse kangapo. A Sajeni, mawu anu a ndandanda andilasa, chifukwa ndinkadziuza kuti ndinasintha pofuna mtendere, chonsecho ndinkangothawa kukangana ndi mnyamata amene anzake amamumvera kwambiri.

Dzulo madzulo ndinalankhula ndi mtsikana uja monga mmene Mayi wa Yunifolomu analangizira. Poyamba anangoti palibe vuto, koma nditamuuza kuti ndinaona za chiwaya zija ndipo ndinalakwa posalankhula, anakhala kanthawi ali chete, kenako anandionetsa mabala a m'chiuno mwake pamene lamba wa chikwama amamukhula. Wakhala akumata nsalu pamalopo kwa miyezi iwiri osauza munthu, poopa kuti anganenedwe kuti akudandaula chifukwa ndi mkazi. Lero m'mawa ndapita naye kosungira katundu ndipo amupatsa chikwama china chachifupi msana. Mlungu wamawa tili ndi ulendo wina wautali, ndipo ndalemba kale mayina a onyamula chiwaya motsatana, dzina lake lili lachitatu.

Kwa mnyamata uja sindinapitebe, ndipo ndikuvomereza kuti kumeneko miyendo ikulemera. Sindikufuna kumuchititsa manyazi pomukumbutsa nthabwala imene mwina anayesetsa kuiiwala, komanso sindikufuna kuti aziganiza kuti kopolo wake anagwirizana nayo. Ndandanda yatsopano ndamuikanso ndi yemwe uja anapempha kusinthidwa, ndipo ulendo uno sindisintha. A Sajeni ndi a Mkulu wa Mpingo, mundithandizenso apa: kodi ndimupepese mwachindunji pa za kuseka kuja, kapena ndingosiya kuti aone yekha kusintha kwa zochita zanga?

Sajeni Wopuma:

Mumupepese, a Kopolo, koma mwachidule, muli awiri, pa nthawi imene manja anu onse ali pa ntchito ina monga kupukuta zida. Mungomuuza kuti tsiku lija munaseka nawo zimene simunayenere kuseka, ndipo m'kagulu kanu sizidzamvekanso. Musamufunse mafunso a moyo wake, ndipo musadikire kuti akuthokozeni, chifukwa mwina adzangogwedeza mutu n'kupitiriza ntchito. Yemwe uja akadzabweranso kudzapempha kusinthidwa, mumufunse ngati mnzakeyo anagonapo pa ulonda, anasiyapo mfuti yake kapena analepherapo kudzutsa womulandira pa nthawi yake. Akati ayi, mumuuze ola limene ulonda wake ukuyamba. Usiku woyambawo inuyo mudzuke pakati pa ulonda wawo n'kukawayendera ngati mmene mumayendera ena onse, ndipo mukatero mubwerere kukagona.